Lekani kuseka misozi ya mayi wamasiye

Loweruka lapitali mdzukulu wanga adandionetsa pa foni kachidutswa ka filimu yakale ya ku America kamene kakuyendayenda m'magulu a WhatsApp, ndipo kufikira lero mtima wanga sunakhale m'malo. Mnyamata wina mwa awa otanthauzira mafilimu m'Chichewa wadula pamene mayi wamasiye akucheza ndi msilikali, wafufuta mawu enieni a anthuwo n'kuikapo akeake, akumutchula mayiyo hule amene ankangodikira kuti mwamuna wake atsikire kuli chete. Amene akuseka ndi kutumizirana kachidutswako ndi anthu a imvi zawo, ena mwa iwo akulu a mpingo ndi amayi a mvano. Kodi tafika pamenepa, abale anga?

Filimuyo ndi My Reputation, imene idajambulidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, ngakhale kuti anthu wamba adayamba kuionera mu 1946. Barbara Stanwyck akusewera ngati Jessica Drummond, mayi wa ku Lake Forest pafupi ndi Chicago, amene mwamuna wake wamwalira atadwala nthawi yaitali n'kumusiyira ana awiri aamuna. Mayi ake omubereka, amene akhala akuvala zakuda kwa zaka zambirimbiri chimwalirire mwamuna wawo, akufuna kuti mwana wawoyo achitenso chimodzimodzi. Ana akapita ku sukulu yogonera komweko, iye amatsala yekha m'nyumba yaikulu, ndipo mwamuna wina wapabanja, mnzawo wa malemuwo, sachedwa kumuyesa dala poganiza kuti wamasiye sakana. Kodi inu otanthauzira, mwamuna ameneyu simudamuone? Bwanji kachidutswa kanu sikadamutchule dzina lililonse loipa?

Jessica adakumana ndi msilikali uja, Meja Scott Landis, atapita kukapumula ku Lake Tahoe pamodzi ndi mnzake, ndipo zimene zidatsatira ndizo zimandipangitsa kugwira pakamwa ndikaona kuseka kwanu. Mayi wina adamuona akulowa m'nyumba imene msilikaliyo ankakhala, nkhani idayenda khomo ndi khomo, aliyense akuwonjezera yake, mpaka ana ake aja adaimva kwa anzawo kuphwando. Filimu yonse ikudzudzula anthu amijedo amenewa, ndiye inu mwaionera, kapena kunena zoona mwaonera kadontho kake, n'kukakhala pa mpando womwewo wa ojedawo. Ndani mwa inu adafika nayo kumapeto, pamene mayiyo akuthamangira ku siteshoni ya sitima kukauza msilikaliyo kuti sapita naye chifukwa cha ana ake, pomwe akudziwa bwino kuti wopita ku nkhondo sadziwika ngati adzabwerako? Ameneyo ndiye mukumutcha hule?

Musandiuze kuti ndi filimu chabe ndipo azungu amenewo adamwalira kalekale. M'magulu momwe mukutumiza zimenezi muli azilongo anu ndi azakhali anu amene adaika amuna awo m'manda chaka chatha chomwechi, ndipo akuwerenga zonse mwakachetechete. Muli ana amasiye amene mawa lake adzayang'ana mayi awo ndi diso lina akadzawaona akupatsana moni ndi bambo wina panjira. Mulinso alamu amene akhala akufunafuna chifukwa choti atengere nyumba, munda ndi malata, ndipo inu mukuwapatsa mawu okayankhula pabwalo: "Onani, ngakhale dothi la pamanda lisanaume." Lamulo la mu 2011 lokhudza chuma cha masiye lidaletsa kulanda katundu, koma lamulo silingatseke pakamwa pa munthu, ndipo kulanda kwambiri kumayamba ndi kuipitsa mbiri ya mayiyo kuti pasapezeke womuikira kumbuyo. Mijedo imadwalitsa, imathamangitsa munthu pamudzi, ndipo ena imawafikitsa poganiza zodzichotsera moyo.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi chinyengo chake. Bambo akaferedwa mkazi, miyezi ingapo isanathe akuluakulu omwewa amayamba kunong'onezana kuti munthu wamwamuna sangakhale yekha, apezeredwe womuphikira. Mayi akangovula nsalu yakuda n'kudzola mafuta, mudzi wonse umasanduka apolisi. Waseka chifukwa chiyani? Wagula liti nsapato zimenezi? Njinga yaima pakhomo pake ndi ya yani? Kodi mukufuna alire zaka zingati kuti mukhutire, ndipo ndani adakusankhani kuti muziwerenga misozi yake? Makolo athu, amene mumawanena kuti sadaphunzire, adaika mwambo wa kusudzula kuti nthawi ya maliro ikatha wamasiye amasulidwe ndi kuyamba moyo wina popanda womuloza chala. Nanunso akulu a mpingo amene mudaikapo tizithunzi toseka, kodi 1 Akorinto 7:39 mudang'amba m'Baibulo mwanu, pamene palembedwa kuti mkazi amamasuka kukwatiwanso mwamuna wake akamwalira?

Tsono inu anyamata otanthauzira mafilimu, ntchito yanu sindiinyoza, pakuti mwathandiza agogo ambiri kumva nkhani zimene sakadazimva. Koma kutanthauzira ndiko kunena zimene munthu wanena, osati kumuika m'kamwa zonyansa za m'mutu mwanu kuti anthu akuombereni m'manja. Ngati nkhani ya imfa ndi kusungulumwa yakukulirani, isiyeni, mafilimu a nkhonya ndi mfuti alipo ambirimbiri. Mwaphunzitsa kale ana m'nyumba zoonetsera mafilimu kuti mkazi akalira n'zoseketsa ndipo akamwetulira n'zauhule, nanga mudzadabwa chiyani ana omwewo akadzatukwana mayi anu inu mutagona m'manda?

Ndipo inu amene simudadule kapena kutanthauzira kanthu, koma chala chanu chidathamanga kutumiza kachidutswako kwa ena, musadziyese oyera. Fufutani zimenezo lero lomwe, ndipo muchite manyazi.