Mukupha wodwala ndi njala, khansa ikudya bwinobwino

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Dzulo ndinapita kukazonda azakhali anga amene akudwala khansa, nditanyamula tizipatso m'kathumba. Ndisanakhale n'komwe pansi, msuweni wanga, mwana wawo woyamba, anandilanda kathumbako n'kukaika pamwamba pa kabati. Akuti, "Asuweni, izi amayi sakudyanso. Muli shuga. Shuga ndi chakudya cha khansa, ndiye tikufuna khansayo ife ndi njala." Nditafunsa kuti wanena ndi dokotala uti, anatulutsa foni. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, munthu wosadziwika dzina akulankhula ngati anabadwira mu labotale.

Ndinayang'ana azakhali. Mphete yawo ya ukwati aikulunga ndi ulusi kuti isavuke, chala chatha. Maso awo anali pa kabati paja. Iyi ndi sabata yachitatu akupatsidwa masamba owiritsa ndi madzi basi.

Ndiye ndikufunseni inu okonda kutumiza mauthengawa: amene akufa ndi njala m'nyumba muja ndani? Khansa kapena azakhali anga?

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti bodza limeneli linamera pa nkhani yoona. Zoti maselo a khansa ndi adyera pa shuga, zimenezo n'zoona. Anaziona ndi wasayansi Otto Warburg wa ku Germany m'zaka za m'ma 1920. Selo yabwinobwino ikatenga glucose, shuga wa m'magazi uja, imayamba yamuswa pakati, kenako zidutswazo imazilowetsa m'tizigawo totchedwa mitochondria, momwe zimapsereratu ndi okosijeni. Pa glucose mmodzi imapeza ma ATP pafupifupi 30. ATP ndiye timabatire timene selo imayendera. Selo ya khansa, ngakhale okosijeni alipo wokwanira, shuga wambiri imangomuswa pakati paja, kutolapo ma ATP 2 okha, zotsalazo n'kuzitaya kunja ngati asidi wotchedwa lactate. Ili ngati munthu woluma chipatso kamodzi n'kutaya, kutola china, kuluma, kutaya. Kuti akhute ayenera kumaliza dengu lonse. N'chifukwa chake chotupa chimameza shuga mwaumbombo chonchija.

Warburg ankaganiza kuti mitochondria a maselo a khansa ndi owonongeka ndipo kuti khansa imayambira pamenepo. Apo anaphonya. Mu khansa zambiri mitochondria amagwira ntchito bwinobwino, ndipo chimene chimatembenuza kadyedwe ka selo ndi malangizo a m'kati mwa selo (ma gene) osokonekera monga MYC ndi p53. Selo yofuna kugawikana usana ndi usiku siisowa mphamvu zokha, imasowanso njerwa zomangira selo ina: DNA yatsopano, mafuta a khungu lake, mapuloteni. Shuga ukapsereratu amatuluka ngati mpweya, palibe chomangira. Ukamuswa theka, zidutswa zimatsala m'manja. Ngakhale asilikali a m'thupi mwanu, maselo oyera a m'magazi, akamachulukana mofulumira kuti alimbane ndi matenda amachita chimodzimodzi. Ndipo muuzeni wa uthenga wa mawu uja, amene amati Warburg analandira mphoto ya Nobel chifukwa chotulukira chimene chimayambitsa khansa, kuti Nobel ya 1931 ija inali ya enzayimu (puloteni) yothandiza maselo kupuma. Osati ya khansa. Safunsa anadya phula.

Tsono mverani apa, chifukwa apa ndi pamene uthenga uja sunafike. Chotupa sichidyera m'mbale. Chimadyera m'magazi. Ndipo thupi sililola kuti shuga wa m'magazi athe, zivute zitani, chifukwa ubongo umadya pafupifupi magalamu 120 a glucose tsiku lililonse, ndipo maselo ofiira a m'magazi alibe n'komwe mitochondria, amakhalira glucose yekhayo. Mukamumana munthu chakudya, chiwindi chimayamba chatulutsa shuga amene chinasunga. Akatha, chimayamba kupanga wina. Kuchokera kuti? Ku minofu ya wodwalayo. Thupi limagumula mnofu wa pa ntchafu ndi pa mkono, chiwindi n'kuusandutsa shuga, shugayo n'kulowa m'magazi, chotupa n'kumwa. Ngakhale lactate imene chotupa chimataya ija, chiwindi chimaitola n'kuibwezanso kukhala glucose, ndipo mphamvu zochitira zimenezo zimachokera kwa wodwala yemweyo.

Mwamva? Mwachotsa chipatso pakamwa pa mayi anu, ndipo chotupa chayamba kudya mayi anuwo. Mbale mwalanda ya munthu, ya khansa ikadali yodzaza.

Ndiponso khansa si mwana wosankha zakudya. Shuga akachepa imatembenukira ku glutamine, kachidutswa komangira mapuloteni, amene ndi wochuluka kwambiri m'magazi, ina imadya mafuta, ina imadya ndi lactate yemwe. Inu mukutseka khomo limodzi, iyo ili ndi makomo anayi. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mwatenga chibonga, mwamenya, mkhate waphwanyika, khoswe ali phee akukuyang'anani.

Msuweni wanga anati, "Koma asuweni, nanga sikani ija? Amabaya shuga, khansa n'kuwala. Si umboni umenewo?" Inde, pa sikani ya PET amabaya shuga wokhala ndi chizindikiro cha fluorine 18, wotchedwa FDG, ndipo zotupa zambiri zimawala chifukwa cha dyera lomweli. Koma pa chithunzi chomwecho ubongo nawo umawala kwambiri. Ndiye tiuphenso ubongo ndi njala? Ndipo khansa zina, monga zambiri za prostate, siziwala kwenikweni pa sikani imeneyi, chifukwa si khansa zonse zimene zimadya mofanana. Madokotala amagwiritsa ntchito dyera la chotupa kuti achipeze pamene chabisala. Palibe dokotala amene amaona chithunzicho n'kunena kuti wodwala asiye kudya.

Kumana khansa chakudya kulipo ndithu, koma kumachitika ndi mankhwala olasa pamalo amodzi. Pali mankhwala otchedwa asparaginase amene amachotsa m'magazi asparagine, kachidutswa kena komangira mapuloteni. Maselo a khansa ina ya m'magazi, imene imagwira kwambiri ana, satha kudzipangira okha asparagine wokwanira, pomwe maselo abwino amatha. Ndiye a khansawo amafa, mwana n'kutsala. Kumeneko ndiko kupha khoswe osaswa mkhate, ndipo kunatenga zaka zambiri za kafukufuku. Inu mukufuna kuchita zomwezo poika kathumba pamwamba pa kabati?

Wodwala khansa amaonda kale ndi matendawo. Kuonda kumeneko, kumene madokotala amakutcha cachexia, kumapha anthu pakokha. Munthu woonda, wopanda mnofu, sapirira kemo, mabala a opaleshoni sapola msanga, ndipo nthawi zina dokotala amachita kuimitsa mankhwala chifukwa thupi silingathe. Ndiye pamene akufunika dontho lililonse la mphamvu, inu ndi pamene mukumuwerengera zakudya. Mukuithandiza khansa ntchito, ndipo mukuchita zimenezo mukumwetulira, mukuti ndi chikondi.

Kaya ndi mantha, kaya ndi kusowa pogwira, kaya ndi aja amapeza phindu pa mauthengawa, zimenezo sindikuzilowa lero.

Wina asabwere kudzanena kuti ndikulimbikitsa anthu kumwa shuga ndi supuni. Shuga wambiri amanenepetsa, ndipo kunenepa kwambiri kumawonjezera chiopsezo cha khansa zosachepera 13. Imeneyo ndi nkhani ya munthu wamoyo bwino amene akudziteteza zaka zikubwerazo. Azakhali anga chotupa ali nacho kale, ndipo dzanja lawo ndikhoza kulizunguliza ndi zala ziwiri. Ndinakwera pampando, kutsitsa kathumba kanga, kusenda chipatso chimodzi n'kuwapatsa. Anadya mwakachetechete mpaka kunyambita zala. Msuweni wanga sakundilankhula mpaka pano. Asandilankhule.

Ndiye pali enanso aja a madzi a alkaline (otsutsana ndi asidi) ndi soda, oti khansa imakonda asidi. Ndinaona mabotolo awiri pansi pa bedi. Chotupa chimadzipangira chokha asidi pamalo pamene chili, ndi njira yomweyi ya lactate. Magazi a munthu amakhala pa pH (muyeso wa asidi) ya pakati pa 7.35 ndi 7.45, mapapo ndi impso zimaonetsetsa kuti asasunthe, ndipo madzi anuwo akangofika m'mimba amakumana ndi asidi wamphamvu woti sangamusinthe. Otsalawo mumakodza. Mukugula mkodzo wodula, ndipo tsiku la azakhali anga la kuchipatala linali Lachiwiri lapitali, sanapite.