Tisamangorinyuwa inshuwalansi osawerenga pepala

Anzanga a pa Lizulu, makamaka inu a mapikapu onyamula kachewere ndi kabichi kupita ku Lilongwe, ndili nanu mawu.

Mwezi wathawu inshuwalansi ya kapikapu kanga idatha. Ejenti adaimba foni: "Bwana, ingotumizani ngati chaka chatha, disiki ikupezani mawa." Ndidatsala pang'ono kutumiza. Koma mayi a kunyumba, amene amasunga mapepala onse m'jumbo pansi pa matiresi, adati tiyambe tawerenga. Mtengo wa galimoto umene udalembedwapo ndi womwe ndidatchula kumayambiriro kwa 2022. Zaka zonsezi ndimangolipira, osasintha kanthu.

Nonse mukukumbukira kuti kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Magalimoto ndi masipeya timagula kunja, ndiye mitengo idathawa. Tsono inshuwalansi yangayi ndi ya comprehensive, ija imalipiranso galimoto ya iwe mwini ikawonongeka, ndipo imayenda chonchi: galimoto ikaphwanyikiratu, kampani sikupatsani ndalama zoposa mtengo umene mudalembetsa. Ine ndalama imeneyo lero singandigulire ngakhale kapikapu kotheratu. Ndimagona tulo ndithu, kumati ndine wotetezedwa, chonsecho denga likudontha.

Vuto lathu ndi lakuti inshuwalansi timalipirira apolisi a pa rodibuloko. Bola disiki ili pagalasi, basi. Amene muli ndi third party yokha sindikukunyozani, lamulo limafuna imeneyo ndipo ndalama yavuta. Kungoti dziwani kuti imalipira amene mwamugunda, galimoto yanu mudzakonza nokha.

Chinanso, onani kuti pepala likuti galimotoyo ndi yantchito yanji. Likamati ndi yoyendera pakhomo, inu mukunyamulira katundu wa anthu pa hayala, tsiku la ngozi mudzakangana ndi kampani ndipo simudzapambana. Za madisiki ogula kwa madobadoba sindinena n'komwe.

Ejenti uja sindikumuda, iye amafuna ntchito ithe msanga. Koma kufunsa kuti "mtengowu ukadali womwewo?" kukadamutengera mphindi zingati?

Ndidapita ndekha ku ofesi, tidakweza mtengo, ndalama yolipira nayonso idakwera. Zidandiwawa, moti matayala atsopano ayamba adikira. Loweruka ndikutsika ndi katundu ku Golomoti kudzera pa Khwekhwerere, ndipo amene mudatsikapo kuli chifunga mukudziwa chifukwa chake ndidalolera kulipira.