Kiyi wa mtsinje ali ndi ndani? Kuwedza trout ku Lesotho ndi ku South Africa

Madzi a mtsinje wa Bell, umene umadutsa m'katawuni ka Rhodes ku Eastern Cape, amagwera mu Kraai, kenako mu Orange pafupi ndi Aliwal North. Madzi a Bokong ku Lesotho amalowa m'damu la Katse, ndipo amene sanatengedwe ndi ngalande yopita ku Gauteng amatsikira mu Senqu, yemwe ndi Orange yemweyo asanawoloke malire. Mapiri ndi amodzi, madzi amakakumana, nsomba yake ndi yomweyo. Koma ukafuna kuponya mbedza, ku South Africa umagogoda pakhomo la mwini famu, pamene ku Lesotho umayamba wapereka moni kwa mfumu ndi anthu ake.

Kwa amene sanauonepo uwedzi umenewu, iwalani nyongolotsi. Nyambo yake ndi nthenga, ubweya ndi ulusi zomangidwa pa kambedza kuti zioneke ngati kachirombo kamene kagwera pamadzi. Kanyamboko n'kopepuka kwambiri moti pakokha sikangaponyeke, choncho chimene chimalemera ndi chingwe. Msodzi amachikupiza m'mwamba kutsogolo ndi kumbuyo mpaka chitatambasuka, kenako n'kuchigoneka pamadzi mwakachetechete. Nsomba ya trout imafuna madzi ozizira ndi oyera, ndipo akafunda kupitirira madigiri 20 imayamba kuvutika. N'chifukwa chake kum'mwera kwa Africa imapezeka kumapiri.

Nsombayi ndi yobwera. Mazira a trout yofiirira anafika ku Natal kuchokera ku Scotland mu 1890, ndipo ya mtundu wa rainbow inayamba kuswetsedwa ku Jonkershoek pafupi ndi Stellenbosch zaka za m'ma 1890 zisanathe. Asodzi akamanena kuti trout "yakutchire" akutanthauza imene yabadwira mumtsinje momwemo, osati yoleredwa m'dziwe n'kudzathiridwamo. Makolo ake anabwera pa sitima yapamadzi.

Ku South Africa zinthu zimayenda ndi pepala. Mitsinje yambiri ya ku Rhodes ndi Barkly East imadutsa m'mafamu a nkhosa, ndipo mu 1991 eni minda ndi asodzi anapanga bungwe la Wild Trout Association kuti pasakhale kukangana pageti. Mtsinje amaugawa zigawo. Umagula chiphaso cha tsiku, n'kulembetsa chigawo chako, ndipo gawo la ndalamazo limapita kwa mwini munda. Tsiku limenelo dera lonselo ndi lako ndi mnzako. Ku Western Cape, bungwe la Cape Piscatorial Society, limene linayamba mu 1931, limachita chimodzimodzi pa timitsinje monga Elandspad, Smalblaar ndi Holsloot. Kumeneko nyengo yowedza imatsegulidwa pa 1 Seputembala n'kutsekedwa pa 31 Meyi kuti nsomba ziswane m'nyengo yozizira, mbedza imakhala yophwanyidwa kamano kokowera, ndipo nsomba ukaigwira umaibweza.

Dongosolo limeneli ndimalilemekeza. Mtsinje waung'ono sufuna miyendo yambiri, ndipo nsomba imene yaopsezedwa m'mawa siidyanso mpaka madzulo. Ukhozanso kupita wekha popanda wokulondolera, bola mapu ndi galimoto yolimba. Koma mpanda ndi mpanda basi. Mwana wa wantchito wa pafamupo, amene amaudziwa mtsinjewo kuposa mlendo aliyense, nthawi zambiri amangoonerera galimoto zikudutsa.

Ku Lesotho kumapiri mipanda njosowa. Malo a kumeneko ndi a mtundu wonse wa Abasotho, Mfumu yaikulu imangowasunga m'malo mwa anthu, ndipo msipu ndi wa onse. Dziko lonselo lili pamwamba pa mamita 1,000, ndipo nsonga ya Thabana Ntlenyana imafika mamita 3,482. Misewu ikatha mumakwera timahatchi ta Chisotho, katundu n'kumangidwa pa abulu, ndipo usiku mumagona m'matenti m'chigwa chimene foni siigwira. Kumeneko wokulondolera salipidwa chifukwa cha ulemu chabe. Popanda iye sudziwa njira, sudziwa mfumu ya dera limenelo, ndiponso sudziwa kuti mtambo umene wakwera kumadzulo uja ukhoza kudzaza mtsinje pasanathe ola.

Ntchito yake ndinaionera pafupi pa dziwe lina la madzi oyera mbee. Ine ndinkangoona miyala. Iye anagwada, n'kundikoka malaya kuti nanenso ndigwade. "Ntate, mthunzi wanu wagwera m'madzi," anatero monong'ona. Anavundukula mwala m'mphepete n'kundionetsa tizirombo takuda timene tinakakamira kunsi kwake, kenako anasankha m'kabokosi kanyambo kofanana nato. Anandilozera kumutu kwa dziwe, pamene thovu linkazungulira, n'kunena kuti ndiponye kumtunda pang'ono kuti madzi abweretse okha nyamboyo. Ulendo woyamba chingwe chinamenya madzi ngati chikwapu, ndipo kanthu kena kamene ndinkayesa mwala kanathawira pansi pa thanthwe. Sanakalipe. Anangodzuka, n'kukutumula mawondo, tinapita dziwe lina. Pamwamba pa phiri mbusa wa nkhosa atafunda bulangeti lake ankatiyang'ana, mwina akudabwa kuti anthu akuluakulu akukwawira chiyani.

Pa mtsinje wa Bokong pali msasa wa Makhangoa, umene kampani ya maulendo a usodzi imayendetsa mogwirizana ndi mudzi. Mlendo aliyense akagona, ndalama ina imalowa m'thumba la mudziwo, ndipo anthu a komweko amalembedwa ntchito yophika, yosamalira mahatchi ndi yolondera mtsinje. Nzeru yake njoonekeratu: munthu amene amadya chifukwa nsomba ili yamoyo m'madzi sangalole mnzake kutchera ukonde. M'chilimwe mumtsinjewo mumakwera nsomba ya yellowfish, yomwe ndi mbadwa, kuchokera m'damu la Katse, ndipo trout imachita bwino kukayamba kuzizira. Ku Semonkong nako alendo amawedza mu Maletsunyane, mtsinje wa mathithi otalika mamita 192.

Ine mtima wanga uli ku njira ya ku Lesothoyi, ngakhale sindiinamizira kuti ilibe chilema. Imayenda bwino pamene pali mgwirizano wolimba. Chigwa chotsatira, pamene palibe amene akupindula, nkhosa zimadya msipu mpaka nthaka kukokoloka, matope n'kukwirira timiyala timene trout imaikira mazira. Ndiponso alendo ambiri amalipira ulendo wonse kwa kampani ya ku South Africa asanawoloke n'komwe malire. Loti, ndalama ya ku Lesotho, ndi randi n'zofanana mphamvu, koma zimene zimatsala kumudzi ndi zimene zalembedwa m'panganolo basi.

Pali nkhani ina imene asodzi sakonda kuikamba pamoto madzulo. Trout imadya tinsomba ta mbadwa. Kansomba ka Maloti minnow kanalembedwa koyamba mu 1938 kuchokera mumtsinje wa Umkhomazana ku Natal, kenako kanasowa kumeneko moti anthu anayesa kuti katheratu, mpaka pamene kanapezekanso mu 1970 mumtsinje wa Tsoelikane ku Sehlabathebe, kumtunda kwa mathithi amene trout sinkatha kukwera. Ku Western Cape tinsomba ta zipsepse zofiira tatsalanso m'timitsinje takumtunda pa chifukwa chofananacho, ngakhale kumeneko nsomba ya bass ili ndi mlandu waukulu.

Apa maiko awiriwa asiyananso. Ku South Africa nkhaniyi inafika kukhoti. Lamulo loteteza zachilengedwe la 2004 linapatsa boma mphamvu yolemba mndandanda wa zamoyo zobwera zowononga, ndipo pamene boma linafuna kuikapo trout, bungwe la asodzi la FOSAF linakana kwa zaka zambiri. Mu 2021 khoti lalikulu ku Pretoria linagamula mokomera asodziwo, ponena kuti boma silinafunse anthu moyenera. Dziwani kuti khotilo silinanene kuti trout njosalakwa, linangoti ndondomeko sinatsatidwe. Ku Lesotho trout ndi chuma chimene boma limanyadira: m'damu la Katse muli makola oyandama olerera nsombayi, ndipo ina inafika pogulitsidwa mpaka ku Japan. Kansomba ka Maloti kamadalira mathithi ndi malire a paki ya Sehlabathebe, imene mu 2013 inalumikizidwa ndi paki ya uKhahlamba Drakensberg ya ku South Africa kukhala malo amodzi otetezedwa ndi UNESCO.

Wina akandifunsa koyambira, ndimati ayambe ku Rhodes, kumene angaphunzire kuponya chingwe popanda womuseka kupatula nkhosa, ndipo madzulo n'kukagona pabedi. Akadziwa kugwada asanauzidwe, atenge pasipoti, jekete lochindikala ngakhale mu Disembala, n'kukwera mapiri a Maloti. Akafika, hatchi yoyamba imene amupatse asaikane.