Angelezi ndi aulemu, inde, koma maliro sawadziwa

Ndatha zaka zitatu ku Nottingham kuno, ndipo zambiri za Angelezi ndinazizolowera. Ndinazolowera kuti munthu akakufunsa kuti uli bwanji amakhala atadutsa kale usanatsegule pakamwa. Ndinazolowera kumva kamwana ka zaka 6 kakuitana agogo a imvi mbuu ndi dzina lawo lenileni, popanda ndi "a" yemwe. Koma zimene ndaona mwezi wathawu zandikhala pakhosi, ndipo ndikapanda kuzilavula ndidwala nazo.

Agogo aamuna a khomo loyandikana ndi langa anatisiya. Amene muli kuno mukuzidziwa nyumba zake zija zogundizana, khoma limodzi mabanja awiri, mnzako akatsokomola iwe umamva. Zaka zonsezi ndakhala ndikumva TV yawo, ketulo yawo ikamawira, ngakhale akamakangana za galu. Koma usiku umene mwini nyumba anamwalira sindinamve kanthu. Ngakhale kusisima. Anamwalira Lamlungu, ine ndinadziwa Lachitatu, ndipo ndinadziwira pa bini. Agogowo ndi amene ankandibwezera bini yanga pakhomo galimoto ya zinyalala ikadutsa, poti ine nthawi imeneyo ndimakhala ndili kuntchito. Tsiku limenelo ndinaipeza ili pamsewu pomwepo. Ndikuikoka, agogo aakazi anatuluka ndi galu. Ndinawafunsa kuti abambo ali kuti lero. Anayankha mofatsa, ngati akunena za basi yochedwa, kuti amuna awo anamwalira Lamlungu, kenako n'kuwonjezera kuti kunja kwazizira lero.

Miyendo inandilefuka. Masiku atatu! Munthu wamwalira kuseri kwa khoma limene ndimatsamira ndikamadya, ine n'kumaseka pa foni, n'kumakazinga nsomba, n'kumaika nyimbo. Kwathu ku Mitundu zikanakhala zamanyazi zoti fuko lonse likanazinyamula.

Madzulo ake ndinachita zimene mayi anga anandiphunzitsa. Ndinamanga chitenje, ndinavala mpango kumutu, ndinaphika mpunga ndi nkhuku, n'kuika mapaundi 20 mu envulopu ngati chipepeso. M'chikwama ndinaikamo chitenje china chofunda, poti ndinkadziwa kuti pamaliro sitipita kukaonetsa nkhope n'kubwerera. Ndinagogoda. Anatsegula mwana wawo wamkazi, mayi wa zaka za m'ma 50, wochokera ku Leeds. Chitseko anangochitsegula theka. Anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumpoto umene ndinanyamula, ndiye n'kundifunsa ngati zonse zili bwino. Iyeyo kufunsa ine! Bambo ake ali mufiriji, akufunsa ngati ine ndili ndi vuto.

Ndinanena kuti ndabwera kudzakhala ndi amayi. Anamwetulira kumwetulira kwawo kuja, milomo yokha mano osaoneka, n'kundithokoza katatu konse. Anati ndine wokoma mtima kwambiri, anati sindikanavutika, anati amayi akupuma ndipo banja likufuna likhale kaye palokha. Mpoto analandira. Envulopu anaikana, anati ngati ndikufuna ndikapereke ku bungwe losamalira odwala amene atsala pang'ono kumwalira, limene linkathandiza bambo ake. Mphindi ziwiri sizinakwane. Chitseko chinatsekedwa mwaulemu kwambiri, mwakachetechete, ndipo ndinatsala panja ndi chitenje changa chofunda. M'mawa mwake ndinapeza mpoto wanga pakhomo uli wotsukidwa bwino, ndi kakhadi kothokoza kolowetsedwa pa kabowo ka makalata. Sindinanyozedwepo mwaulemu chonchi chibadwire.

Inu a kumudzi, tangoganizani. Kwathu mfuu umodzi wokha ukamveka, mudzi wonse wadziwa. Anyamata aika masamba pamsewu, wa njinga atsika n'kumaikankha, wa chipewa avula, minibasi yomwe ichepetsa liwiro ndi kuzimitsa nyimbo. Amfumu auzidwa. Azimayi adzaza m'nyumba ya siwa, azibambo akoleza moto panja, kwaya iyamba, ndipo namfedwa sakhala yekha ngakhale popita kuseri. Palibe amene amakuitana kumaliro. Ukamva, wanyamuka. Ngakhale amene munalandana naye malire a munda chaka chatha amabwera ndi kambale ka ufa, chifukwa maliro n'kulirana. Kuno maliro ali ngati phwando la ukwati, umadikira uuzidwe tsiku, malo ndi nthawi, ndipo kwina amalemba kuti maluwa ndi a banja lokha.

Ndiye kudikira kwake! Agogowo anakhala kwa osunga mitembo masiku 24. Ndikudziwa kuti pali zifukwa. Imfa iyenera kulembetsedwa ku boma, ndipo kuyambira September 2024 dokotala wina wapadera amayamba waunika kaye chimene chapha munthu mapepala asanatuluke. Kenako mupeze tsiku limene malo owotchera mitembo ali ndi mpata, poti kuno pa anthu 10 omwalira pafupifupi 8 amawotchedwa. Kenako mwana wa ku Leeds aone tsiku limene angachoke kuntchito, wa ku Spain aone ndege. Zonsezo ndikuzimva. Koma masiku 24 amenewo agogo aakazi ankagona okha m'nyumba, n'kumayendetsa galu, n'kumapita kukagula mkaka, ngati palibe chachitika. Ine kuseri kwa khoma ndinkangomva ketulo.

Pa tsiku lake ndinapita, poti kakhadi kena kanabwera. Ndinawerenga anthu: 17, kuphatikizapo ine ndi bambo wotsogolera mwambo, amene sanali m'busa ndipo malemuyo sanamuonepo ali moyo. Bokosi linanyamulidwa ndi antchito a kampani ya maliro ovala zakuda. Nyimbo sitinaimbe, inachokera m'masipika. Mwamuna amene anagwira ntchito zaka zambirimbiri, analera ana atatu, anakhala m'banja zaka zoposa 50, mwambo wake unatha mphindi 30. Katani inatsekeka pang'onopang'ono kubisa bokosi, tinatulukira khomo lam'mbali, ndipo kutsogolo banja lina linali litaima kale kudikira nthawi yawo, ngati kuchigayo.

Koma chimene chinandipweteka kwenikweni si chimenechi. Katani ikutsekeka, agogo aakazi anagwidwa ndi chisoni, mawu anatuluka pang'ono, misozi iwiri inatsika. Anatulutsa kansalu, n'kutembenukira kwa ife, n'kunena kuti "sorry". Anapepesa! Mayi wataya mwamuna amene wakhala naye zaka zoposa 50, akupepesa chifukwa walira. Ndipo anthu anayang'ana pansi kuti asamuchititse manyazi. Ine ndinalephera kudzigwira, ndinalira mwa kwathu, osati mokuwa kwambiri, koma mokwanira kuti mutu uliwonse utembenuke. Mwana wa ku Leeds uja anabwera kudzandisisita paphewa, kundifunsanso ngati ndili bwino. Ndinasanduka ine namfedwa.

Titachoka pamenepo tinapita ku pub, malo awo omwera mowa ndi kudyera. Masangweji odula timakona, tiyi, mowa. Anthu ankaseka, kukamba nthabwala za malemu, wina n'kumakamba za mpira wa timu ya Nottingham Forest. Itakwana 4 koloko aliyense anali atapita kwawo.

Musati ndi khalidwe la azungu onse. Mnzanga wina wa kuntchito ndi wa ku Ireland, kungowoloka kanyanja basi, ndipo nditamufotokozera anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati kwawo munthu amaikidwa pakatha masiku awiri kapena atatu, thupi limagona kunyumba kapena limaonedwa ndi aliyense wofuna, anthu amachezera usiku, ndipo tauni yonse imabwera kudzagwira chanza ofedwa popanda woitana. Iyenso akuti atangofika kuno anadabwa kuti bwana wake anamufunsa ubale wake ndi malemu asanamulole kupita kumaliro. Ndiye ndi Angelezi basi. Kwa iwo chisoni ndi ngati zovala zamkati, aliyense ali nazo koma suzionetsa.

Ndipo zimenezi zimalumikizana ndi zina zonse. Kuno sungangotulukira pakhomo pa munthu n'kuti odi. Umatumiza uthenga, amayang'ana pa kalendala, n'kukupatsa Lachinayi la sabata ya mawa. Akanena kuti udzabwere tidzadye limodzi tsiku lina, usafunse kuti liti, ndi njira yawo yotsanzikira. Akakuitana kukadya kunja pa tsiku lawo lobadwa, tenga chikwama chako, aliyense amalipira chimene wadya. M'basi munthu amalolera kuima kusiyana n'kukhala pafupi ndi iwe mipando ina ikadalipo. Dziko limene mu January 2018 boma la Theresa May linafika posankha nduna yoona za kusungulumwa. Nduna ya boma! Kwathu ntchito imeneyo amaigwira ndi azakhali, mwaulere, ngakhale usanawapemphe.

Tsopano ndisaname, poti ena mundinena kuti ndikudya ndalama zawo n'kumawanyoza. Pali zimene anatiposa, ndipo pa maliro pomwepa. Bambo anga atamwalira tinadyetsa anthu masiku atatu. Mbuzi ziwiri zinapita, nkhokwe inatsala pansi, adzukulu anaika makasu pansi kumanda mpaka titawatumizira nyama yowonjezera. Theka la anthu amene anadzaza pabwalo ankadikira nsima, ena anabwera kudzaona ngati ana a m'tauni agula bokosi la mtengo wanji. Tisanamete n'komwe, achibale ena a bambo anali atayamba kale kufunsa za njinga ndi malata, ngakhale lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaletsa kulanda katundu wa amasiye. Ndipo kumbali kunali kunong'onezana kuti imfa imeneyi si yabwinobwino, maso onse kwa gogo wina wosauka wa kumapeto kwa mudzi. Mayi anga analira ndi gulu, inde, koma gulu litabalalika anatsala ndi ngongole. Agogo a khomo loyandikanali palibe amene wawafunsa za nyumba, palibe wawanena kuti anadya mwamuna wawo, ndipo palibe wawauza kuti sanalire mokwanira.

Mzere nawo ndiwapatse ulemu wawo. Mfumukazi Elizabeth itamwalira mu September 2022, anthu anaima pa mzere usiku wonse m'mbali mwa mtsinje wa Thames kuti akaone bokosi, nthawi ina kudikira kunapitirira maola 24, ndipo David Beckham yemwe anaima nawo maola pafupifupi 12 ngati wina aliyense. Kwathu bwana wotere akanalowera khomo lakumbuyo ndi anthu ake 10. Umuponde Mngelezi phazi, apepesa ndi iyeyo. Potsika basi amathokoza dalaivala. Akati 3 koloko ndi 3 koloko. Koma taonani: ngakhale chisoni chawo chachikulu kwambiri anachisonyeza poima pa mzere mwakachetechete. Ndi mmene amalirira.

Pali chinthu chinanso chimene ndachikumbukira mochedwa, ndipo chikundisowetsa mtendere. Chaka chatha mchimwene wanga anamwalira kumudzi, ine sindinathe kupita. A Malawi anzanga a kuno, ena ochokera ku Leicester ndi ku Derby, anadzaza kanyumba kanga, kugona pansi pabalaza masiku awiri, kuimba nyimbo za m'buku mpaka usiku, gulu la pa WhatsApp n'kusonkha ndalama. Ndinkaopa kuti oyandikana nawo aitana apolisi chifukwa cha phokoso. Sanatero. Agogo aamuna omwewa sanagogode, sanalowe, sananene mawu amodzi a chipepeso. Koma Loweruka lake ndinapeza udzu wa kutsogolo kwanga utatchetchedwa, ndipo galimoto yawo anakaiimika kutali kuti alendo anga apeze poimika. Nthawi imeneyo ndinangoti mdala ameneyu alibe chochita. Lero ndi pamene ndikuona kuti mwina uko kunali kubwera kwake pa siwa.

Komabe ayi. Udzu ndi udzu. Munthu wofedwa amafuna munthu pambali pake, womva fungo lake, womugwira akamagwa. Ine ndawauza kale ana anga ndi a gulu lathu kuti ndikadzafera kuno asadzandiike mufiriji mwezi wathunthu kudikira mpata pa kalendala. Ndalama zosonkha ndimapereka mwezi ndi mwezi mosaphonya. Adzandikweze ndege, akandilire ku Mitundu, ngakhale odzadya nsima okhaokha abwere, bola pakhale phokoso.

Bini ya agogo aakazi tsopano ndimatulutsa ndine, ndi kuwabwezera. Sabata yatha anandiimitsa pampanda n'kundiitana kuti ndikamwe tiyi. Anatsegula kabuku kawo n'kundipatsa Lachinayi, 3 koloko. Ndinafika 3 koloko yeniyeni, koyamba kulowa m'nyumba imeneyo pa zaka zitatu. Pa shelefu, pakati pa wotchi ndi chithunzi cha ukwati, panali kachitini kobiriwira. Anaona kuti ndikukayang'ana, n'kunena kuti amuna awo ndi amenewo, akudikira nyengo itenthe kuti akawaze phulusa lawolo kunyanja ku Skegness kumene ankakonda kupita. Anandithirira tiyi, n'kundifunsa ngati ndimathira shuga. Kenako, akuyang'ana pawindo, anati mpunga uja anadya masiku atatu, ndipo usiku umene ndinabwera uja anamva mawu anga pakhomo, ankafuna ndilowe, koma anaona kuti n'kundivutitsa.