Kunenepa kwa mwana si umboni woti mkaka ndi wabwino

Ndakwiya kwambiri ndi yankho limene wogulitsa m'sitolo ina wapereka kwa mayi amene anafunsa chifukwa chake mkaka wa makanda akuugulitsa wopungulira m'timajumbo topanda dzina la kampani kapena tsiku lothera mphamvu. Iye wayankha mosachita manyazi kuti ana onse amene akumwa mkakawo ndi onenepa. Kodi masaya a mwana anakhala liti makina oyezera poizoni?

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mu 2008 ku China, anthu adyera ankathira madzi mumkaka kenako n'kuwonjezera melamine, mankhwala opangira mapulasitiki, kuti poyeza uoneke ngati uli ndi mapuloteni ambiri. Mkaka wa makanda waufa wa kampani ya Sanlu, umene munali melamine, unali woyera bwino, ndipo makolo sanaone cholakwika mpaka ana atayamba kulira pokodza chifukwa cha timiyala ta mu impso. Ana pafupifupi 300,000 anadwala, oposa 50,000 anagonekedwa m'chipatala, ndipo 6 anamwalira. Mkaka umenewo unali m'mapaketi ndi m'zitini zosindikizidwa bwino, ndiye wa m'jumbo wosadziwika kochokera tiukhulupirire bwanji?

Poizoni wa mtundu umenewu saoneka ndi maso, sanunkha, ndiponso sachoka chifukwa choti madzi awiritsidwa. Mu 2025, bungwe la Consumer Reports ku America linayeza mitundu 41 ya mkaka wa makanda ndipo mu ina linapezamo mtovu ndi arsenic, zomwe nthawi zambiri zimachokera m'nthaka ndi m'madzi. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Mtovu suchititsa mwana kusanza tsiku lomwelo ayi. Umawononga ubongo mwakachetechete, ndipo zotsatira zake zimadzaonekera mwanayo akulephera kugwira zimene aphunzitsi akunena, makolo n'kumamunena kuti ndi waulesi.

Munthu wamkulu amadya nsima masana, mpunga madzulo, koma khanda la miyezi iwiri limene silikuyamwa chakudya chake ndi botolo lomwelo usana ndi usiku, ndipo silingakankhe botolo n'kunena kuti muli choipa. N'chifukwa chake ndikunenetsa kuti mkaka wa makanda uziyezedwa usanafike pashelefu, zotsatira zake zizilengezedwa poyera, ndipo wopungulira m'timajumbo uzilandidwa pomwepo. Mwana si woyeserapo malonda.

Ndiponso inu amene mumathamangira kunena kuti mayiyo akanangoyamwitsa, tamverani. Inde, mkaka wa m'mawere ndi wopambana, palibe akutsutsa. Koma pali agogo amene akulera khanda limene mayi ake anamwalira pochira, ndipo agogowo akugulitsa nkhuku kuti apeze chitini chimodzi. Amenewo muwauza kuti ayamwitse chiyani?