Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa

Pali aphunzitsi ena a ku yunivesite omwe sakondwa wophunzira wawo wa PhD (digiri yapamwamba ya kafukufuku) akapita kukafotokoza kafukufuku wake pamaso pa anthu a maphunziro ena. Amati wofufuza za tizilombo toyambitsa matenda akapindulanji pamaso pa anthu a zachuma ndi a mbiri yakale, bola akhale mu labu azilemba. Ine maganizo amenewa sindigwirizana nawo mpang'ono pomwe.

Munthu akatha zaka akulankhula ndi a m'dipatimenti yake okha, pamakhala mafunso omwe palibenso amene amawafunsa chifukwa onse anagwirizana kalekale kuti yankho ndi lodziwika. Wobwera kuchokera kwina sadziwa zimenezo. Amangokweza dzanja n'kufunsa kuti, "Kodi anthu amene munacheza nawowa munawasankha bwanji?" Kapena amati, "Mawu mukubwerezawa akutanthauza chiyani kwenikweni?" Wophunzira amene wagwidwa ndi funso lotere lero ali ndi mwayi, chifukwa akanakumana nalo koyamba tsiku loteteza kafukufuku wake pamaso pa omuyesa, nthawi yokonza itatha.

Taonani za DNA, kanthu ka m'thupi komwe kamasunga chibadwa cha zamoyo. Maonekedwe ake anadziwika mu 1953, ndipo ntchitoyo inafuna anthu a maphunziro osiyana. Mwa awiri amene analengeza maonekedwewo, James Watson anali wa bayoloje. Francis Crick anayamba ndi fizikisi, ndipo panthawiyo anali asanamalize n'komwe PhD yake ku Cambridge. Chithunzi cha X-ray cha DNA chomwe chinawatsegula maso chinajambulidwa mu 1952 ku King's College London ndi Raymond Gosling, wophunzira wa PhD amene ankagwira ntchito ndi Rosalind Franklin, katswiri wa kemisitili.

Nkhani yomweyi ili ndi mbali ziwiri zowawa. Mu 1951 Watson anakamvetsera Franklin akufotokoza zomwe anapeza, koma sanalembe notsi, ndipo anasokoneza kuchuluka kwa madzi mu DNA. Chifaniziro choyamba cha DNA chomwe anapanga ndi Crick chinali cholakwika. Kumvetsera munthu wa maphunziro ena ndi ntchito, sikungokhala pampando n'kumagwedeza mutu ayi. Chachiwiri, chithunzi chija chinaonetsedwa kwa Watson, mwiniwake Franklin asakudziwa. Ndiye wophunzira akamaopa kuti akalankhula poyera ena amulanda nzeru zake, musamunene kuti ndi wamantha chabe. Okonza zokambiranazi azinena poyambirira pomwe kuti zomwe sizinasindikizidwe zisatuluke popanda chilolezo, ndipo wotenga ganizo la mnzake azimutchula dzina.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti zokambiranazi zikusanduka chionetsero. Mpikisano wa Three Minute Thesis, womwe unayamba ku University of Queensland mu 2008, umapatsa munthu mphindi zitatu ndi silaidi imodzi yokha kuti afotokoze kafukufuku wake. Ndi wabwino, umaphunzitsa kulankhula zomveka kwa aliyense. Koma pa mpikisano munthu amabisa pofooka, amaonetsa zosalala zokhazokha. Ine ndikufuna pakhalenso malo omwe wophunzira wa chaka chachiwiri angaime n'kunena kuti, "Zotsatira zangazi zikutsutsana ndi zomwe ndinkayembekezera, ndipo ndasowa pogwira." Pamenepo ndi pamene wa masamu amene wakhala kumbuyo angaone kuti vuto lili pa kawerengedwe, kapena wa zachikhalidwe angaone kuti funso lomwe linafunsidwa anthu analimva mwanjira ina.

Komanso PhD ndi ulendo wa munthu mmodzi, umasungulumwitsa. Kumva kuti wa zamalamulo nayenso wakhala miyezi mutu umodzi ukumukanika kumachepetsa maganizo oti vuto ndi iwe wekha.

Kwa inu oyang'anira kafukufuku, musamangotumiza ophunzira anu inu n'kutsala mu ofesi. Bwerani mudzakhale pansi, mudzamve wophunzira wa dipatimenti ina, ndipo mafunso oyamba muziwasiyira ophunzira anzake.