Nkhanu ikadzikwirira mumchenga, chonde isiyeni

Zimandiwawa ndikaona nkhanu zokhala m'zigoba za nkhono zikugulitsidwa m'timabokosi ta pulasitiki, pansi atathira timiyala towala, chigoba atachipaka penti. Wogulitsa amati n'zosavuta kuweta, ngakhale mwana akhoza kusamalira yekha. Pakapita miyezi ingapo nkhanu ija yafa, banja n'kungoti basi, moyo wake ndi waufupi choncho. Si zoona ayi. Nkhanu zokhala m'zigoba za nkhono, monga Coenobita clypeatus ya ku Caribbean, zimapitirira zaka 20 zikasamalidwa bwino. Yofa isanathe chaka sinafe ndi ukalamba, ndipo kawirikawiri woipha amakhala munthu amene amaikonda.

Maganizo anga ndi akuti nkhanu zambiri zimafa chifukwa eni ake amafuna kuziona ndi kuzigwira nthawi zonse. Nkhanu yathanzi imabisala masana, imayenda usiku, nthawi zina imasowa mwezi wathunthu. Amene sangapirire zimenezi asagule, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Wina anena kuti iyi ndi nkhanu chabe. Koma mu 2009, katswiri wa za nyama Robert Elwood wa ku yunivesite ya Queen's University Belfast anaonetsa kuti nkhanu za m'zigoba zikagwidwa ndi mphamvu yochepa ya magetsi zimathawa m'chigobamo, koma zimalimbikira kukhalamo ngati chigobacho ndi cha mtundu umene zimakonda. Ndiye kuti zimayeza ululu ndi phindu. Mu 2022 dziko la Britain linaika nkhanu m'lamulo pamodzi ndi nyama zina zimene zimamva ululu. Komanso pafupifupi nkhanu zonse za m'zigoba zimene zili pamalonda zinachita kutoledwa m'mphepete mwa nyanja, chifukwa ana ake amayamba moyo akuyandama m'madzi amchere ndipo kuwalera m'thanki n'kovuta kwabasi. Iliyonse ikafa m'nyumba mwanu, ina ikatoledwa kugombe kuti ilowe m'malo.

Musanagule, dziwani dzina lenileni la mtundu wake, chifukwa nkhanu sizifanana. Za mitundu yotchedwa fiddler ndi red claw m'Chingelezi zimagulitsidwa ngati za m'madzi opanda mchere, chonsecho kwawo ndi kumene mtsinje umakumana ndi nyanja. Zimafuna madzi a mchere pang'ono ndi malo otulukira kumtunda, apo ayi zimafooka pang'onopang'ono. Za vampire, monga Geosesarma dennerle ya ku Java imene akatswiri anaipatsa dzina mu 2015, sizifuna mchere n'komwe, ndipo gawo lalikulu la thanki yawo liyenera kukhala mtunda wachinyezi.

Za m'zigoba zija zimakhala pamtunda koma zimapuma ndi makha, ndipo makha akauma nkhanu imabanika, ngakhale mpweya uli ponseponse. N'chifukwa chake kakhola kawaya sikayenera. Pamafunika thanki yagalasi yovindikira bwino, chinyezi cha 70 mpaka 80 peresenti, kutentha kwa madigiri 24 mpaka 29. Gulani kachipangizo koyezera, osangoganizira. Chotenthetsera chikhale m'mbali mwa galasi osati pansi, popeza nkhanu ikamva kutentha imakumba kufuna pozizira. Madzi akhale mbale ziwiri, ina yopanda mchere, ina ya mchere wopangira madzi a nsomba za m'nyanja, osati wa patebulo. Onsewo muthire mankhwala ochotsa klorini, chifukwa kumalo ena amathira chloramine imene siichoka madzi akangogonetsedwa. Mankhwala a nsomba okhala ndi kopa asayandikire. Ikanimonso zigoba zingapo zopanda penti, zosiyana kukula, kuti zisamalandane.

Koma pamene pamathera nkhanu zambiri ndi pofundula. Khungu lake lolimba silitambasuka, ndiye kuti ikule iyenera kulivula lonse: miyendo, zopanira, ngakhale kakhungu ka pa makha ndi ka m'mimba. Nthawi ikayandikira imadya ndi kumwa kwambiri, kenako imachita ulesi, maso amachita chifunga, n'kukumba kulowa pansi. Yaing'ono imatha masabata angapo, yaikulu miyezi iwiri kapena kuposa. Kumeneko imafuna mdima ndi bata. Ikangovula thupi limakhala lofewa, siingayende, siingadziteteze, ndipo imadya khungu lakale lija kuti ibwezeretse kashiamu.

Apa ndi pamene mwiniwake mtima umakhala m'mwamba. Kodi ili moyo? Atenga supuni, ayamba kufukula kuti angoona basi. Una uja ugumuka, mwendo wofewa uthothoka, zinzake zimva fungo la khungu latsopano n'kubwera kudzaidya. Ena amapeza khungu lovulidwa likulendewera pakamwa pa chigoba, n'kuyesa mtembo, n'kutaya chigobacho nkhanuyo ili phee m'kati, yamoyo. Izi ndiye zimandipweteka kwambiri, chifukwa panalibe chilichonse chofunika kuchita kupatula kudikira. Nkhanu yakufa siibisika, fungo lake la nsomba yowola limadzaza chipinda. Ngati palibe fungo, manja anu akhale kutali.

Ntchito yanu inayenera kuchitika kale, pokonza pansi pa thanki. Mchenga ukhale wakuya masentimita 15 kapena kuposa, mwina katatu kutalika kwa nkhanu yaikulu imene muli nayo. Ambiri amasakaniza magawo asanu a mchenga ndi gawo limodzi la ulusi wa makoko a kokonati. Unyowe mwakuti mukaboola ndi chala dzenje likhale osagwa, koma madzi asadikhe pansi. Timiyala tokongola tija sitikumbika, ndipo nkhanu yosowa pokumba imagwira mtima osafundula mpaka thupi litatopa.

Ikalowa pansi, pitirizani kusintha madzi ndi chakudya monga mwa masiku onse, yang'anani chinyezi, osasuntha thanki kapena zinthu zolemera zili pamchenga. Mukafuna kudziwa ngati imatuluka usiku, salazani pamwamba pa mchenga madzulo, m'mawa muone mapazi. Ikapezeka yafundulira pamtunda chifukwa inalephera kukumba, musainyamule. Dulani botolo lalikulu la pulasitiki pakati, chotsani chitsekero kuti mpweya uzilowa, muliimike moizungulira n'kulikanikiza mumchenga kuti zinzake zisaifikire. Khungu lakale mulisiye momwemo, ndipo botololo mudzalichotse ikamaliza kudya n'kuyamba kuyenda yokha.